Ku America anatseka boma masiku 43 pokangana za inshuwalansi: nanga mlimi wa ku Rufunsa adzamulipirira ndani?

Pa 1 Okutobala 2025 boma la America linaimitsa nchito zake zambiri, ndipo linakhala cotseka mpaka pa 12 Novembala. Anali masiku 43, kupyola masiku 35 amene boma lomwelo linatsekapo kumapeto kwa 2018 ndi kuciyambi kwa 2019. Kunalibe nkhondo, kunalibe mliri, ndipo ndalama zinali zisanathe m'thumba la dzikolo. Aphungu a zipani ziwiri analephera kumvana pa bajeti, ndipo pakati pa mkangano wonsewo panali funso limodzi: kodi boma lipitirize kuthandiza anthu wamba kulipira inshuwalansi ya zaumoyo, kapena lileke?

Ena mwa owerenga athu angafunse kuti nkhani ya ku Washington itikhudza bwanji ife a kwa Mpanshya, kwa Bunda Bunda ndi kwa Shikabeta. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Nafenso tili ndi inshuwalansi ya boma, ya NHIMA, ndipo funso limene linatseketsa boma la America ndi lomwelo limene ife sitinaliyankhe bwino kufikira lero: munthu amene salandira malipiro a pamwezi akadwala, alipira ndani?

CIMENE ANAKANGANIRA

Ku America cipatala ndi ca ndalama, ndipo ndalama zake n'zambiri. Wogwira nchito pa kampani yaikulu amalandira inshuwalansi kudzera kunchito kwake. Okalamba ndi osaukitsitsa ali ndi thandizo lao la boma. Otsala pakati, monga alimi, eni timasitolo ndi odzilemba okha nchito, amagula inshuwalansi paokha. Lamulo la mu 2010, la nthawi ya Barack Obama, linawatsegulira msika wogulira inshuwalansiyo ndi kuwacepetsera mtengo. Mu 2021, mliri wa Covid-19 uli pakati, boma la Joe Biden linaonjezera thandizolo, ndipo mu 2022 analitalikitsa kuti lifike kumapeto kwa 2025. Pofika caka cimeneco anthu oposa 20 miliyoni anali kudalira thandizo loonjezeralo.

Apa ndi pamene panabisala vuto. Thandizolo analiikira tsiku lothera. Tsikulo litayandikira, a cipani ca Democratic anati sadzavomera ndalama zoyendetsera boma pokhapokha thandizo la inshuwalansi litalikitsidwe. A cipani ca Republican, ca Pulezidenti Donald Trump, anati boma litsegulidwe coyamba, za inshuwalansi zikambidwe pambuyo, ndipo ambiri a iwo anati thandizolo linali la nthawi ya mliri cabe ndipo likudya ndalama zoculuka za msonkho. M'nyumba ya Senate pamafunika mavoti 60 kuti nkhani yotere idutse, pamene a Republican anali ndi mipando 53. Motero palibe cipani cimene cikanayenda cokha.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. N'zoona kuti thandizo lotere limadya ndalama zambiri caka ndi caka, ndipo wina ayenera kuzipeza. N'zoonanso kuti likacotsedwa, banja limene linali kukwanitsa limaleka kulipira n'kukhala lopanda citetezo. Koma pamene akuluakuluwo anali kuponyerana mau, anchito a boma mazanamazana ambiri anakhala osalandira malipiro, ndege zinacedwa, ndipo mu Novembala thandizo la cakudya limene anthu pafupifupi 42 miliyoni amadalira linasokonezeka. Pomaliza aphungu asanu ndi atatu a mbali ya Democratic anavota pamodzi ndi a Republican, atalonjezedwa kuti nkhani ya inshuwalansi idzavoteredwa payokha. Voti ija inacitikadi mu Disembala, inalephera, ndipo thandizo loonjezeralo linatha pa 31 Disembala 2025. Masiku 43 a mavuto sanabale cimene anakanganira.

KWATHU BOMA SILITSEKA, KOMA CIPATALA CIMATHA KUUMA

Kuno ku Zambia malamulo athu salola kuti boma litseke motero. Bajeti ikacedwa kuvomerezedwa, mtsogoleri wa dziko ali ndi mphamvu yolamula kuti ndalama zoyendetsera nchito zituluke kwa kanthawi. Komanso kuyambira mu 2009 nduna ya zacuma imapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo caka catsopano cisanayambe. Conco sitidzamva pa wailesi kuti boma latseka lero.

Koma aliyense amene anaperekezako wodwala adziwa kuti kuli kutseka kwina kumene sikulengezedwa. Citseko ca kiliniki cimakhala cotsegula, namwino alipo, buku lolembamo maina lilipo, koma mukafika pa windo la mankhwala akupatsani kapepala kuti mukagule. Ambulansi ilipo koma ilibe mafuta. Makina ounikira alipo koma anaonongeka miyezi yapitayo. Kwa mai amene wayenda wapansi kucoka kumudzi ali ndi mwana kumsana, kusiyana kwa boma lotseka ndi shelefu yopanda mankhwala n'kocepa kwambiri.

Mbiri yathu ya zolipira kucipatala yakhala yopita uku ndi uku malinga ndi amene ali pampando. M'nthawi ya UNIP cipatala cinali caulere, ngakhale kuti m'zaka zomaliza mankhwala anali kusowa. Boma la MMD litalowa, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 linabweretsa malipiro, ndipo acikulire akumbukira mmene anthu anali kusungira wodwala m'nyumba mpaka matenda atakula, poopa ndalama ya pakhomo la cipatala. Dziko litakhululukidwa ngongole zambiri mu 2005, Pulezidenti Levy Mwanawasa anacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za m'maboma a kumidzi kuyambira mu Epulo 2006. Mu 2012 boma la Michael Sata linafikitsa ufuluwo ku makiliniki a dziko lonse. Boma la Rufunsa nalonso linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Sata yomweyo.

Kucotsa malipiro kunathandiza, koma sikunayankhe funso la matenda aakulu. Kiliniki ya m'mudzi imatha malungo, sikelo ya ana ndi kubereketsa kopanda zovuta. Opaleshoni, matenda a impso, khansa, shuga yofuna kupimidwa kawirikawiri, zonsezi zimafuna cipatala cacikulu. Kwa ife ndiye kuti St Luke's ku Mpanshya, ndipo zikakanika kumeneko, ulendo wa pa Great East Road wa makilomita oposa 150 kupita ku Levy Mwanawasa kapena ku UTH mu Lusaka. Pa ulendo umenewo ndi pamene mbuzi zimagulitsidwa, ng'ombe yolimira imapita, ndi cimanga ca m'nkhokwe cimatsitsidwa mtengo kuti ndalama ipezeke lero lomwe.

LONJEZO LA NHIMA

Pofuna kutseka mpata umenewu, boma la PF linapereka lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo mu 2018, nduna ya zaumoyo ali a Chitalu Chilufya. Kudula ndalama pa malipiro kunayamba mu Okutobala 2019, ndipo mamembala anayamba kulandira cithandizo mu 2020. Wogwira nchito amapereka K1 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo womulemba nchito amaonjezerapo K1 ina. Mabungwe a anchito ndi a olemba nchito anadandaula poyamba kuti uku n'kuonjezera msonkho. Boma la UPND litalowa mu 2021 silinathetse dongosololi, linapitiriza nalo. Ici n'cinthu cimene tiyenera kuyamikira: pa mfundo yakuti dziko likhale ndi thumba limodzi la odwala, zipani zathu zazikulu sizinakokerane monga a ku America.

Ganizo la inshuwalansi si lacilendo kwa ife. Mutu umodzi susenza denga. M'cilimba aliyense amaponyamo, ndipo thumba limapita kwa mmodzi nthawi yake ikakwana. M'miphakati yathu timasonkha ya maliro tisanadziwe kuti maliro adzagwa pakhomo la yani. Inshuwalansi ndi cimodzimodzi: athanzi ambiri amasonkha kuti odwala ocepa acire, podziwa kuti wathanzi wa lero ndi wodwala wa mawa.

Koma dongosolo la NHIMA analiumba poyang'ana munthu wa malipiro a pamwezi: mphunzitsi, wapolisi, namwino, wa mu ofesi. Kwa iwo ndalama imadulidwa asanaione. M'boma la Rufunsa, limene kalembera wa 2022 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 80,000, anthu otere ndi ocepa. Ambiri ndife alimi, ootcha malasha, ogulitsa pamseu, ndi anyamata ofunafuna golide m'mapiri. Lamulo limatilola kulembetsa ndi kumalipira tokha. Koma mlimi ndalama yake imabwera kamodzi pacaka, akagulitsa. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene malungo aculuka ndipo nkhokwe yapepuka, ndi pamene m'thumba mulibe kanthu. Kuuza munthu wotere kuti azilipira mwezi ndi mwezi kuli ngati kuuza munda kuti uzibala mwezi ndi mwezi.

Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinaonetsa poyera kufooka kumeneku. Banja limene silinakolole silingasankhe inshuwalansi patsogolo pa ufa. Ndipo caka ca njala ndi cimenenso matenda amaculuka.

Lamulo la 2018 linaganizirako ofooka. Limamasula okalamba a zaka zoposa 65, olumala osatha kugwira nchito, ndi amene unduna woona za umoyo wa anthu wawalemba kuti ndi osauka. Koma kumasula munthu kuti asalipire sikutanthauza kuti mankhwala ake atsika kumwamba. Wina ayenera kuika ndalama yake m'thumba. Ngati boma siliikamo, ndiye kuti mtolo wonse uli pa K2 ya mphunzitsi ndi womulemba nchito, ndipo thumba lotere silicedwa kubooka. M'zaka za 2024 ndi 2025 manyuzipepa analemba kangapo za zipatala ndi masitolo a mankhwala odandaula kuti NHIMA ikucedwa kuwalipira. Cipatala cimene sicinalipidwe cimayamba kubweza a makhadi, ndipo khadi limasanduka pepala wamba.

Apa ndi pamene mkangano wathu weniweni uli, ngakhale kuti sucita phokoso. Ena akuti zopereka zikwezedwe. Anchito akuyankha kuti malipiro ao ndi odulidwa kale mbali zonse. Ena akuti zina mwa zithandizo zicotsedwe pa mndandanda. Ena akuti boma liikemo ndalama za msonkho. Njira iliyonse ili ndi woiwawa, ndipo wandale aliyense amaopa kuchula amene adzalipire.

NDALAMA ZA ALENDO

Palinso cifukwa cina cimene mikangano ya ku Washington itifikira pakhomo. Kwa zaka zoposa makumi awiri, kucokera pamene George W. Bush anayambitsa PEPFAR mu 2003, mbali yaikulu ya mankhwala a ma ARV, zopimira magazi ndi malipiro a alangizi ambiri a m'makiliniki zakhala zikucokera ku America. Mu Januwale 2025 boma la Trump linaimitsa thandizo lakunja kuti liliunikenso, ndipo pofika mu Julayi bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mu Meyi 2025 kazembe wa America panthawiyo, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao lidula madola 50 miliyoni pacaka pa thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala opatsidwa mwaulere anali kubedwa n'kumagulitsidwa m'masitolo.

Pa nkhani imeneyi tiyenera kunena zinthu ziwiri, ndipo zonse n'zowawa. Coyamba, dziko limene aphungu ake analola anthu ao omwe kutaya thandizo la inshuwalansi silingatilonjeze ife kuti lidzatisamalira mpaka kalekale. Caciwiri, mbala ya mankhwala si mlendo, ndi mwana wa kwathu. Botolo limene lasowa pa shelefu ya kiliniki n'kukapezeka pa sitolo m'tauni linanyamulidwa ndi manja a munthu amene amadziwa bwino kuti kumudzi kuli wodwala amene akuliyembekezera. Inshuwalansi iliyonse, ngakhale itakhala ndi ndalama zotani, singadzaze mtsuko wobooka pansi.

Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Bajeti yathu ya 2025 inapereka pafupifupi K23 biliyoni, kupyola pang'ono K10 pa K100. Sitikukana zabwino zimene zacitika. Kulemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022 kunafikitsa anamwino kumalo kumene kunalibe. Ndalama za CDF, zimene zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, zamanga zipinda zocirira amai m'madera ambiri. Koma nyumba ndi namwino popanda mankhwala ndi theka cabe la cipatala.

ZIMENE TIKUPEMPHA

Phunziro lalikulu la ku America n'lakuti thandizo la odwala likaikidwa tsiku lothera, kapena likadalira cifundo ca amene ali pampando, limasanduka cingwe cokokerana andale. Conco pempho lathu loyamba n'lakuti ndalama yolipirira okalamba, olumala ndi osauka ku NHIMA ikhale ndi mzere wakewake mu bajeti ya caka ciliconse, wolembedwa poyera, kuti phungu aliyense aone ndipo ife timufunse. Mabanja amene ali kale pa mndandanda wa Social Cash Transfer boma liwadziwa maina ndi midzi yao. Palibe cifukwa cowafunira kalembera wina.

Caciwiri, mlimi apatsidwe njira yosavuta yolipira kamodzi pacaka, nthawi yokolola. Mu 2025 bungwe la FRA linagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Ngati makopaletivu athu amatha kusonkhanitsa ndalama ya fataleza wa FISP, angathenso kusonkhanitsa ya inshuwalansi pa nthawi yomwe mlimi ali nayo m'manja, iye mwini atavomera. Koma izi zingatheke pokhapokha FRA nayo izilipira alimi m'nthawi yake. Boma silingafune kuti mlimi asacedwe pamene ilo likumucedwetsa.

Cacitatu, zipatala za mishoni zizilipidwa msanga. Kumidzi yambiri ya dziko lino cipatala capafupi ndi ca chalichi, ndipo zipatalazi zimagwira nchito pamodzi ndi boma kudzera m'bungwe la CHAZ, limene linakhazikitsidwa mu 1970. Cipatala ca mishoni sicibweza wodwala, ndipo n'cifukwa cake ngongole ikacedwa cimavutika mwakacetecete. M'fanizo lija la Msamariya, iye sanangosiya wovulala pa nyumba ya alendo. Anasiyanso ndalama, nalonjeza kudzalipira zotsala pobwerera. Boma limene limatumiza odwala ake ku mishoni licite cimodzimodzi.

Cacinai, NHIMA izilengeza poyera, m'zinenero zathu ndi pa mawailesi a m'madera, ndalama zimene yatolera, zimene yalipira ndi ngongole imene yatsala, komanso zimene khadi limalipira ndi zimene sililipira. Anthu ambiri amamva za malire a khadi lao ali kale pa bedi la cipatala. Imeneyo si nthawi yophunzirira malamulo.

MBALI YATHU

Sitingathe kuloza boma cala cokha. M'maparishi mwathu muli makomiti a zaumoyo, a Caritas, magulu a amai ndi magulu osunga ndalama. Mphakati uliwonse ungathe kulemba okalamba ndi olumala a m'dera lake ndi kuwaperekeza kukafunsa za kulembetsa, pakuti ambiri a iwo sadziwa n'komwe kuti lamulo linawamasula. Ena alibe ngakhale khadi la NRC, ndipo popanda ilo palibe cimene cingayambike. Magulu osunga ndalama angapatule kathumba ka matenda, kosiyana ndi ka maliro. Timafulumira kusonkha bokosi, koma ndalama ya galimoto yopita ku Mpanshya munthu akali moyo timaisowa.

Makomiti a zaumoyo a m'midzi ali ndi ufulu wodziwa mankhwala amene afika pa kiliniki ndi tsiku limene afika. Tiyeni tisankhe anthu osaopa kufunsa, ndipo mafumu athu awacirikize. Tikaona mankhwala olembedwa kuti ndi a boma akugulitsidwa pa kantemba, tisagule n'kukhala cete poti atithandiza lero. Mankhwala amenewo ndi athu amene tinayenera kulandira kwaulere.

Ndipo andale akabwera kudzapempha mavoti, a cipani ciliconse, tisakhutire ndi citenje ndi nyimbo. Tiwafunse mafunso amene ali ndi yankho la nambala. Kodi boma laika zingati caka cino zolipirira osauka ku NHIMA? Kodi cipatala cathu cili ndi ngongole ya miyezi ingati imene sicinalipidwe? Kodi mlimi angalipire liti ndipo kuti? Wofuna mpando amene sadziwa mayankho amenewa apite akafufuze, abwere nao.

Aphungu a ku America anakangana masiku 43, ndipo m'masiku onsewo malipiro ao sanaime, pakuti lamulo limawateteza. Amene anagona ndi nkhawa anali mlembi wa mu ofesi, mai wodalira thandizo la cakudya ndi mlimi wogula inshuwalansi payekha. Kwathu kuno nakonso nduna kapena phungu akadwala sayembekezera ambulansi yopanda mafuta. Ngati ife eni ake a mzere wa pa windo la mankhwala sitikamba, nkhani ya amene adzalipirira mlimi idzakhala ikukankhidwira ku bajeti ya caka camawa. Mvula ikubwera ndi malungo ake, ndipo udzudzu sudikira kuti Nyumba ya Malamulo imvane.